Nsanja ya Nyale ya Macuti ku Beira: Mlonda wa Khomo Limene Feteleza ndi Fodya wa Alimi a ku Mponela Amadutsira

Feteleza amene alimi amagula m'masitolo a pa Mponela sapangidwa kuno. Mafuta a galimoto, njinga zamoto ndi zigayo za dizilo nawonso amachokera kunja. Katundu wotere amayenda masabata angapo pa sitima zapamadzi asanafike pa doko, ndipo limodzi mwa madoko amene dziko la Malawi limadalira kwambiri ndi la Beira ku Mozambique, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Mponela. Fodya wa alimi a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi akagulidwa pa okushoni ku Kanengo ndi kukonzedwa m'mafakitale, wambiri amatulukira pa doko lomwelo.

Chakum'mawa kwa mzinda wa Beira, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja yamchere ya India, pali nsanja yaitali yokhala ndi nyale pamwamba pake. Angerezi amatcha nsanja yotere kuti lighthouse, pamene Apwitikizi amati farol. Ya ku Beira imatchedwa Farol de Macuti, ndipo yakhala ikulondolera sitima kuyambira m'chaka cha 1904. Anthu ambiri a m'dera lino sadaionepo, komabe mbiri yake imathandiza kumvetsa chifukwa chimene katundu amafikira mochedwa nthawi zina, ndiponso chifukwa chimene mitengo yake imakwerera njira ya kunyanja ikasokonekera.

Khomo lovuta kulowa

Doko la Beira lili pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo chapafupi pomwepo mtsinje wa Buzi umathiranso. Mitsinje iwiriyi imakokolola dothi ndi mchenga kuchokera kumtunda n'kukazisiya pakhomo pa doko. Choncho nyanja ya pamenepo ndi yosaya, ndipo pansi pake pali milu ya mchenga imene imasuntha malo chaka ndi chaka. Sitima yaikulu ikaphonya njira pang'ono, imatitimira mumchenga.

Gombe la kumeneko ndi lathyathyathya. Munthu woyenda m'boma la Dowa kapena la Ntchisi sasochera msanga chifukwa mapiri amamuuza kumene ali. Woyendetsa sitima amene akuyandikira Beira alibe phiri loti aliyang'ane. Amangoona mzere woderapo wa mchenga ndi mitengo, wofanana kulikonse, ndipo usiku ngakhale mzerewo suoneka.

Vuto lachitatu ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Mosiyana ndi nyanja ya Malawi, imene madzi ake amakwera ndi kutsika motsatira nyengo ya mvula, nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Ku Beira kusiyana kwa madzi akadzaza ndi akaphwa kumafika mamita 6 pa masiku ena. Malo amene sitima yadutsa bwinobwino m'mawa akhoza kukhala osadutsika pakangotha maola asanu ndi limodzi.

Mchenga womwewu ndi umene udapha doko lakale la Sofala, limene linali chakumwera pang'ono kwa Beira. Kwa zaka mazana ambiri Aluya ndi Aswahili ankagulirapo golide, ndipo Apwitikizi adamangapo linga m'chaka cha 1505. Mchenga utatseka khomo lake, malonda adatha, mpaka miyala ya lingalo idatengedwa kukamangira nyumba ndi misewu ku Beira.

Mmene nsanjayi idamangidwira

Beira idayamba m'chaka cha 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi. Kuchokera mu 1891 dera lonselo lidaperekedwa m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia de Moçambique, imene idalilamulira mpaka mu 1942. Njanji yopita ku Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, itamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, sitima zobwera pa dokopo zidachuluka. Padafunika chizindikiro chachitali chimene amalinyero akadachiona ali patali, ndipo nsanja ya Macuti idamangidwa mu 1904. Patatha zaka zitatu, mu 1907, Beira idalandira ulemu wokhala mzinda.

Nsanjayi ndi yozungulira, yotalika mamita 28, ndipo imachepa pang'onopang'ono popita kumwamba. Pamwamba pake pali khonde lozungulira ndi kachipinda ka magalasi mmene mumakhala nyale. Thupi lake lidapakidwa utoto wofiira ndi woyera m'mizere yopingasa. Pamchenga pafupi ndi nsanjayi pali chigoba cha sitima yakale chodyedwa ndi dzimbiri, chimene alendo ambiri opita ku gombe la Macuti amakonda kujambulitsapo.

Chilichonse mwa zinthu zimenezi, kutalika, nyale ndi utoto, chili ndi ntchito yake.

Chifukwa chake imayenera kutalika

Dziko ndi lobulungira, ndipo nkhope ya nyanja imapindika motsatira dzikolo. Munthu woima pagombe, maso ake ali mamita awiri pamwamba pa madzi, amaona pamadzipo mpaka makilomita pafupifupi 5 okha. Kupitirira pamenepo zinthu zimabisika kuseri kwa kupindikako, ngakhale kunja kutawala bwanji. Nyale yoikidwa pa mamita 28 imafika makilomita pafupifupi 19 kuwala kwake kusanabisike. Ngati woyendetsa sitima nayenso ali pamalo okwera, monga mamita 16 pamwamba pa madzi, mtunda wake wa makilomita pafupifupi 14 umawonjezeka, ndipo nyaleyo angaione ali pa makilomita oposa 30, bola ikhale yamphamvu ndipo kunja kulibe nkhungu.

Masamu ake ali ndi chodabwitsa: kuti mtunda woonekera uwirikize kawiri, nsanja iyenera kutalika kuwirikiza kanayi. Ichi n'chifukwa chake kumene kuli mapiri kapena matanthwe m'mphepete mwa nyanja, amisiri amamanga nsanja yaifupi pamwamba pa phirilo. Kumalo athyathyathya ngati Beira, kutalika konse kumayenera kumangidwa ndi manja. Anthu amene amayenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima amachidziwa chinthu chimenechi: ali m'mapiri a Dowa, kunja kukayera, amaiona nyanja ya Malawi patali, koma akatsikira kuchigwa imasowa ngakhale kuti ayandikira.

Mmene nyale imagwirira ntchito

Nsanja zoyamba zinkayatsa moto wa nkhuni kapena malasha pamwamba pake. Yotchuka kwambiri inali ya pa chilumba cha Pharos ku Alexandria m'dziko la Egypt, imene idamangidwa zaka pafupifupi 280 Yesu asanabadwe ndipo inali yotalika mamita oposa 100. Liwu lachipwitikizi loti farol lidachokera ku dzina la chilumba chimenecho.

Vuto la moto kapena nyale wamba ndi loti kuwala kwake kumamwazikira mbali zonse, kumwamba, pansi ndi kumtunda komwe, kumene sikukufunika. Katswiri wa ku France, Augustin Fresnel, adapanga mandala apadera okhala ndi mizere ya magalasi yosanjikizana mozungulira nyale. Magalasiwo amasonkhanitsa kuwala komwazikako n'kukutumiza kunyanja ngati mtanda umodzi wowongoka. Mandala otere adayamba kugwira ntchito mu 1823 pa nsanja ya Cordouan ku France, ndipo pofika nthawi imene nsanja ya Macuti inkamangidwa, anali atafala m'nsanja za padziko lonse. Ndi luso limeneli, nyale yaing'ono ndithu imaoneka pa makilomita makumi angapo.

Nyale ya nsanja siyaka mosalekeza ngati babu la m'nyumba. Imaphethira, ndipo nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake: ina imawala kamodzi n'kuzima kwa masekondi angapo, ina kawiri kapena katatu motsatizana kenako mdima. Kaphethiridweka kamalembedwa pa mapu a panyanja ndi m'mabuku amene sitima iliyonse imayenda nawo. Woyendetsa akaona kuwala usiku, amawerenga masekondi, n'kuyang'ana m'buku, ndipo amadziwa nsanja imene akuiona. Akapima mbali imene nsanjayo ili pogwiritsa ntchito kampasi, n'kupimanso chizindikiro china chodziwika, mizere iwiriyo imakumana pa mapu pamalo enieni pamene sitimayo ili.

Masana nyale ilibe ntchito, ndipo apa m'pamene utoto umathandiza. Mizere yofiira ndi yoyera imaoneka bwino kaya kumwamba kuli mitambo yakuda kaya kuli mbee, ndipo imasiyanitsa nsanjayo ndi nyumba zina zazitali za mumzinda.

Kale nsanja iliyonse inkakhala ndi anthu oisamalira, amene ankagona pomwepo. Ntchito yawo inali kuthira mafuta, kudula chingwe cha nyale, kupukuta mwaye pa magalasi, kukoka zitsulo zolemera zimene zinkazunguza mandala monga mmene wotchi yakale imayendera, ndi kulemba m'kaundula zochitika za usiku uliwonse. Kugona pa ntchito unali mlandu waukulu, pakuti nyale ikazima kwa ola limodzi, sitima yonse ndi anthu ake ikadatha kuwonongeka. Pambuyo pake katswiri wa ku Sweden, Gustaf Dalén, adapanga kachipangizo kamene kankatseka gasi dzuwa likatuluka n'kumutsegulanso kukada, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 1912 chifukwa cha luso limeneli. Masiku ano nsanja zambiri zimayendera magetsi kapena mphamvu ya dzuwa, ndipo zimayaka ndi kuzima zokha.

Nsanja siigwira ntchito yokha

Nsanja ya Macuti imauza sitima kuti yafika ku Beira, koma kulowa padoko kumafuna zambiri. Pakati pa milu ya mchenga padakumbidwa ngalande ya pansi pa madzi, imenenso imatchedwa Macuti. M'mbali mwake mudaikidwa zizindikiro zoyandama zomangiriridwa pansi pa nyanja, ndipo zambiri zili ndi timagetsi tophethira. Lamulo limene madoko a mu Africa amatsatira ndi loti sitima yolowa padoko isiye zizindikiro zofiira kumanzere ndi zobiriwira kumanja.

Sitima yaikulu imaima kunja kudikira katswiri wa padokopo, amene amabwera pa boti laling'ono, kukwera m'sitimamo ndi kulangiza kaputeni mpaka atakocheza. Popeza mitsinje siileka kubweretsa mchenga, ngalandeyo imayenera kukumbidwa mobwerezabwereza ndi sitima zapadera zokoka mchenga, kuti ikhale yakuya mamita pafupifupi 8 madzi akaphwa. Kukumbako kukachedwa, sitima zikuluzikulu zimalephera kulowa zitadzaza katundu, kapena zimadikira masiku amene madzi amadzaza kwambiri. Tsiku lililonse limene sitima yaima podikira limalipiridwa, ndipo ndalamazo zimakathera pa mtengo wa thumba la feteleza limene mlimi amagula.

Sitima zamakono zili ndi makina a GPS ndi radar, amene amasonyeza pamene sitima ili ngakhale mumdima wandiweyani. Komabe mayiko a m'mphepete mwa nyanja sadasiye kusamalira nsanja zawo. Makina amawonongeka, magetsi a m'sitima amazima, ndipo asodzi ambiri a ngalawa zazing'ono alibe zipangizo zotere. Kuwala kooneka ndi maso kumatsimikizira woyendetsa kuti zimene makina akumuuza n'zoona.

Mmene Beira idakhalira khomo la Malawi

Pamene nsanja ya Macuti inkamangidwa, katundu wa dziko la Nyasaland sankadutsa ku Beira. Ankalowera pa Chinde, pamene nthambi ina ya mtsinje wa Zambezi imathira m'nyanja, pamalo amene Apwitikizi adabwereka Angerezi mu 1891. Kuchoka pamenepo ankakwera ndi sitima zazing'ono m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Njirayi inali yovuta chifukwa madzi a Shire ankachepa m'chilimwe, ndipo nyanja inkagumula gombe la Chinde chaka ndi chaka.

Njanji ndi imene idasintha zinthu. Mu 1908 idalumikiza Blantyre ndi Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo mu 1914 idafika pa Chindio m'mphepete mwa Zambezi. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira idafika kutsidya lina la mtsinjewo, koma katundu ankayenera kuwolotsedwa pa madzi. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, udatsegulidwa mu 1935, ndipo chaka chomwecho njanji idafika ku Salima. Kuyambira pamenepo fodya ndi mtedza wa m'chigawo chapakati zinkatsikira ku Salima ndi kuyenda pa njanji mpaka ku Beira. Ngakhale sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswazidutswa kudzera pa Beira, n'kulumikizidwa kuno isanayambe kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951.

Mu 1970 njanji ina idalumikiza Malawi ndi doko la Nacala, ndipo mu 1979 njanji ya ku Salima idafika ku Lilongwe. Pofika nthawi imeneyo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko muno ankadutsa pa madoko awiriwa.

Khomo likatsekeka

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idaonetsa kuopsa kodalira khomo la m'dziko la eni. M'zaka za m'ma 1980 njanji zonse ziwiri zidaleka kuyenda, ndipo mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Malole ena ankadutsa m'chigawo cha Tete moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, pamene katundu wina ankazungulira ku Zambia mpaka ku doko la Durban ku South Africa, ulendo wotalika pafupifupi katatu poyerekeza ndi wa ku Beira. Mtengo wonyamulira katundu udakwera kwambiri, ndipo mlimi ankagula feteleza modula uku akugulitsa mbewu zake motchipa. Nkhondoyo idatha ndi pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kuyambira pamenepo katundu wa ku Beira wakhala akubwera makamaka pa malole, kudzera ku Tete ndi kulowera pa zipata za Mwanza ndi Dedza, pamene boma lidayamba ntchito yokonzanso njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula m'boma la Nsanje.

Chiopsezo china ndi nyengo. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai adawomba mzinda wa Beira, kusasula madenga, kugwetsa mitengo ndi mapolo a magetsi, ndiponso kudula msewu waukulu wochoka mumzindawo. Anthu oposa 1,000 adamwalira m'mayiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Malole amene ankayenera kubwera ndi katundu adaima masiku angapo mpaka msewu utakonzedwa. Mu Januwale 2021 namondwe wina, Eloise, adawombanso dera lomwelo. Nsanja ya Macuti idapirira anamondwe onsewa, koma nyanja ikupitiriza kudya gombe la mzindawo, umene mbali zake zambiri n'zotsika pafupifupi mofanana ndi madzi.

Kwa mlimi wa ku Mponela, izi zikutanthauza kuti feteleza amene akufunika mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala amayenera kukhala atadutsa pakhomo la Beira kapena la Nacala miyezi ingapo m'mbuyo. Nyengo ya anamondwe ku gombe la Mozambique imayamba cha mu Novembala mpaka mu Epulo, nthawi yomwe feteleza wobereketsa amafunika m'minda. Makalabu ndi makopaletivi a alimi amene amasonkhanitsa ndalama n'kugula zipangizo zaulimi akangogulitsa mbewu zawo amapewa mizere italiitali ndi mitengo yokwera imene imabwera katundu akachedwa panjira. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope: dziko lopanda gombe likamadalira malonda a kunja, limalandiranso mavuto a panyanja ndi a padoko.

Nsanja zina za m'chigawo chino

Macuti si nsanja yakale kwambiri ku Mozambique. Pa kachilumba ka Goa, pafupi ndi Ilha de Moçambique chakumwera kwa Nacala, pali ina imene idamangidwa mu 1876. Amalawi amene amagwira ntchito ku Cape Town amaidziwa nsanja ya Green Point, imene idayamba kuwala mu 1824 ndipo ndi yakale kuposa zonse zimene zikugwirabe ntchito ku South Africa. Amene ali ku Durban amaidziwa ya ku Umhlanga, ya mu 1954. Pa nyanja ya Malawi palibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku, koma mphepo ya mwera imautsa mafunde oopsa. Ngozi ya sitima ya Vipya, imene idamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145, imakumbutsa kuti nyanja ya kuno nayonso imafuna zizindikiro, malamulo ndi oyendetsa ophunzira bwino.

Phindu la nsanja ya nyale lili pa kudalirika kwake. Woyendetsa sitima wochokera kutali amayenda molimba mtima mumdima chifukwa akudziwa kuti nyale yolembedwa pa mapu ikuyakadi. Chizindikiro chimene chidalembedwa koma chidazima n'choopsa kuposa pamene padalibe chizindikiro n'komwe, pakuti munthu amachidikira mpaka atagwa m'ngozi. Chimodzimodzi ndi zikwangwani za pa msewu wa M1 umene umadutsa pa Mponela, zitsulo zotchinga m'mbali mwa milatho, ndi magetsi oyendera dzuwa a m'misika. Dalaivala wa lole yonyamula feteleza kuchokera ku Beira, amene akufika m'dera lino usiku ndipo sakuidziwa bwino njira, amadalira zizindikiro zimenezi monga mmene kaputeni amadalira nsanja ya Macuti. Chikwangwani chochenjeza za kona kapena mlatho chikazulidwa kuti akapangire mbaula kapena chitseko, ngozi imagwera dalaivalayo pamodzi ndi ana asukulu, okwera kabaza ndi amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Anthu amene aona chikwangwani chagwa, kapena magetsi a pamsika aphwasulidwa, akhoza kudziwitsa mfumu ya m'mudzi, komiti ya chitukuko ya m'dera lawo, khansala wa wodi kapena apolisi, kuti chikonzedwe ngozi isanachitike.